Matondo a Mikanda

Fungo la dothi longoswedwa kumene ndi khasu, likasakanikirana ndi utsi wa zitsa zonyeka pang'onopang'ono, mpaka lero limandipweteketsa msana. Ndikalimva paliponse, ngakhale ndili m'kabasi ka shapa popita ku Insaca, mapewa anga amakumbuka okha chilimwe chimene tinabwerera kwathu kuchokera ku Malawi, nkhondo itatha. Ndikuti kwathu chifukwa amayi ankatero. Ineyo ndinachokako ndili kumbuyo kwawo, ndipo ndinabwererako ndili msungwana woti n'kusenza ndowa yodzadza, wolankhula ngati Mmalawi, wosadziwa ngakhale mtengo umodzi wa pamudzi pathu.

Zaka zonse zimene tinakhala mumsasa wa othawa nkhondo, azimayi ena akamakumbuka kwawo ankatchula nyumba, mbuzi kapena minda ya mpunga. Amayi anga ankatchula mbozi. Tikakhala pansi kudya nandolo wolandira uja, lero nandolo, mawa nandolo, mkuja nandolo yemweyo, iwo ankayamba nkhani ya matondo a mikanda. Ankati ndi mbozi zonenepa ngati chala, zodya masamba a mtondo, zakuda koma zowazidwa timadontho toyera, tachikasu ndi tofiira ngati mikanda ya m'chiuno. Matondo wamba ndi mphalabungu zinkapezeka kulikonse, koma a mikandawa ankati ndi a pachitunda chathu chokha, kumtunda kwa nyanja ya Chiuta. Ankafotokoza kafinyidwe kake, kawiritsidwe kake ndi mchere, mpaka phokoso lake akamakazingidwa. Pomaliza ankanditsina tsaya n'kunena kuti, "Ukadzalawa, Rozina, nandolo udzamuiwala." Motero ine ndinakula ndikudziwa kuti Mozambique ndi dziko limene ndiwo zimagwa zokha m'mitengo.

Chimene tinapeza ndi thengo. Pamene panali nyumba yathu panali kachulu ka dothi komera tsekera, ndipo tinapazindikira chifukwa cha mtengo wa mango wokha. Bambo anatsalira ku Malawi, akuti akamalize zina ndi zina atitsatira. Zina ndi zinazo tinadzamva pambuyo pake kuti zinali ndi dzina ndiponso mwana. Tinabwera atatu: amayi, ine, ndi mlongo wanga Pedulo amene anali asanayambe kuyenda. Anatilandira ndi atsibweni a Bonifasiyo, mlongo wawo wamkulu wa amayi, munthu wamtali wosakonda kulankhula, amene anabwerera ife tisanabwere. Anatilangiza kuti tiziponda pokhapokha pamene apondapo kale anthu, poopa mabomba okwirira, kenako anatilozera malo olima m'mbali mwa chitunda.

Sitinali tokha. Mabanja ankafika sabata ndi sabata, aliyense ndi khasu, nkhwangwa ndi kathumba ka mbewu zimene ankapereka kwa obwerera. Aliyense ankafuna munda mvula isanagwe. Kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa chitunda chonse chinkangomveka nkhwangwa, kenako mtengo kulira ukugwa, kenako nkhwangwa zina. Utsi sunkachoka. Unkalowa m'zovala, m'madzi akumwa ndi m'tsitsi, ndipo dzuwa linkatuluka lofiira ngati diso lodwala. Anthu ankayenda otuwa ndi phulusa, opanda ndi mphamvu yopatsana moni wautali.

Tsiku lina kunabwera Abiti Saidi ndi dengu la nsomba zouma. Anali mnzawo wa amayi kuyambira pautsikana, wa kugombe, mmodzi wa amene sanathawe koma anapirira nkhondo yonse akubisala m'mabango. Atakumbatirana ndi kuwerengerana amene anamwalira, amayi anafunsa za matondo awo aja. Abiti Saidi anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Anati m'zaka za njala anthu analeka kudikira kuti mbozi zikhwime zitsike zokha monga kale. Ankangogwetsa mtengo wonse n'kupulula zonse, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, ndipo asilikali nawo ankachita chimodzimodzi. "Dzinja lapitali ndinawaona m'mitengo yochepa chabe, cha uku," anatero akuloza ndi mlomo. Kumene analozako kunali kumunda kwathu.

Mitondo imeneyo atsibweni anaigwetsa sabata yomweyo. Amayi sanawaletse. Chimanga sichibereka pamthunzi, ndipo ana awiri sadya masamba a mtondo. Iwo omwe ndiwo anakoka nthambi, kuziunjika pazitsa ndi kuyatsa moto. Ndinangoona kuti tsiku limenelo sanandikalipire pa chilichonse, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri.

Kenako tinayamba kuswa mphanje, ntchito imene sindingaifunire ngakhale mdani wanga. Nthaka ya chilimwe inali youma gwa, yodzadza mizu, ndipo khasu linkadumpha n'kukubwezera ululu m'mikono. Manja anga anatuluka matuza, matuzawo anaphulika, pamalo pake panabwera ena. Tsiku lina pafupi ndi chitsa cha mtondo khasu langa linafukula kanthu kakuda, kolimba, konyezimira, kotalika ngati chala chamanthu. Nditakagwira kanagwedeza kumchira. Ndinakumbuka masewera a ana a kumsasa, ndipo ndinakaimika m'mwamba n'kukafunsa kuti, "Kwanu n'kuti?" Kanapotokola mchira n'kuloza uku, kenako uko, ngati nakonso sikankadziwa bwino. Ndikuseka choncho, amayi anandilanda kanthuko mwamphamvu mpaka ndinadzandira.

Anakayang'anitsitsa, n'kukapukuta ndi nsonga ya chitenje chawo, kapulana monga timatchulira kwathu. Anati ndi chikwa cha matondo a mikanda. Anandifotokozera mwachidule, khasu lili pamapewa, kuti mbozi ikakhuta imatsika mumtengo n'kulowa pansi, imagona m'dothi chilimwe chonse itasanduka chotere, ndipo mvula ikagwa imatuluka ili gulugufe wamkulu wouluka kukada. Gulugufeyo amaikira mazira pamasamba a mtondo, osati pa mtengo wina uliwonse. Atanena zimenezo anayang'ana munda wonse, zitsa zokhazokha zikufuka, ndi nkhuku za eni ake zikutsatira makasu athu n'kumatola chilichonse chofukuka. "Tikazisiya pano zatha," anatero. "Ndipo zikatha pano zatha dziko lonse."

Kuyambira tsiku limenelo ntchito yathu inawirikiza. Pozungulira chitsa chilichonse cha mtondo amayi ankaleka kulima ndi mphamvu, n'kumapala pang'onopang'ono ngati munthu wofukula mbatata, kenako n'kugwada kumafufuza dothi ndi zala. Ine ndinkagwada nawo. Zikwa zina tinkazipeza khasu litazidula kale, zikutuluka madzi achikasu. Zina zinali zopepuka, zopsa ndi moto umene tinayatsa tokha. Zamoyo tinkaziika m'phale la mphika wosweka, n'kuthiramo dothi, n'kulibisa kuseri kwa chisakasa chathu pamthunzi. Anzathu a minda yoyandikana nafe anamaliza kuswa, anayamba kuunga mizere, ife tikadali chogwada pakati pa zitsa. Ankatifunsa podutsa ngati tataya singano.

Ine sindinkanyinyirika kwambiri, ndipo chifukwa chake sichinali chifundo. Chikwa chilichonse ndinkachiona ngati mbale ya ndiwo. Ndinkati gulugufe mmodzi aikira mazira ambirimbiri, mazirawo asanduka mbozi, mbozizo zilowa mumphika wathu. Mawondo akamandiwawa ndinkameza malovu n'kupitiriza kufufuza.

Vuto linali loti zikwazo tikaziika kuti. Pofika mwezi wotentha kwambiri uja, mitondo yonse ya pachitunda inali itagwa, kupatula ya malo amodzi. Kumanda. Msitu wa kumanda unali kumapeto kwa mudzi, m'mbali mwa njira ya kuchitsime, wakuda bii pakati pa minda yotuwa. Kumeneko nkhwangwa sinkafika, moto sunkaloledwa, ndipo munthu sankalowako popanda maliro kapena chilolezo cha akuluakulu. Nkhuni zinkawolera pansi, masuku ankapsa n'kugwa popanda wotola. Ife ana tikamadutsa tinkathamanga osacheuka.

Amayi sanalowemo, malamulo ankawadziwa. Anasankha m'mphepete, kunja kwa malire, pamene nthambi za mitondo zinkafika. Tinkapitako m'mamawa popita kotunga madzi, zikwa zili m'kansalu. Iwo ankakumba timaenje ndi kamtengo, n'kuikamo chimodzichimodzi, n'kukwirira ndi dothi ndi masamba ouma. Kenako anaona kuti anyamata osaka mbewa akutentha udzu chapafupi, ndiye anati tilambule kanjira kotchinga moto kuzungulira mbali yonseyo. Tinalambula, awiriwiri, Pedulo ali kumbuyo kwanga, pamene munda wathu weniweni unali kudikira. Madzulo ndinkagona osasamba.

Anatiwona ndi make Zuze, mayi wa nyumba yoyandikana ndi chitsime, amene khanda lake linkadwaladwala malungo. Sindimuimba mlandu kwambiri. Mkazi wopanda mwamuna, wobwera kuchokera kudziko la eni, akukwirira tinthu takuda m'mbali mwa manda kutangocha, inunso mukanaganiza chiyani? Masiku amenewo anthu ankakayikirana ndi kale. Amene anatsala ankati othawa abwera ndi mankhwala a ku Malawi, othawa ankati otsalawo anapulumuka bwanji ngati sanakhwime. Nkhani ya amayi inangogwera pa udzu wouma, ndipo pofika madzulo inali m'kamwam'kamwa.

Palibe anabwera kudzatitukwana. Zinangosintha zing'onozing'ono, zimene zimapweteka kuposa kutukwanidwa. Pachitsime amayi akadzadza ndowa, azimayi onse ankapeza chochita china, wina kumanga mpango, wina kuyamwitsa mwana, moti panalibe wowasenzetsa. Ankagwada, n'kuikweza ndowayo pabondo, kenako paphewa, madzi akutayikira m'khosi. Opempha moto analeka kubwera kwathu. Atsikana anzanga ndikafika pamene akusewera phada ankatola miyala yawo n'kunena kuti aitanidwa. Zinandiwawa kwambiri, ndipo ndinayamba kudana nalo phale lija. Ndinapempha amayi kuti angowauza anthu zoona. Anati akawauza, mawa lomwe aliyense akafukula, pakuti chikwa nachonso chimadyedwa ukachiwotcha.

Khanda la make Zuze litakomoka tsiku lina masana, atsibweni anabwera kwathu. Sanakhale pampando umene ndinawapatsa.

"Achemwali, mukukwirira chiyani kumanda?"

"Sindinalowe kumanda, achimwene."

"Sindinafunse zimenezo. Anthu akufuna kukusamutsani pamudzi pano, ndipo ine ndatopa kukuyankhirani. Tiyeni mukafukule anthu akuona."

Tinapita dzuwa lili paliwombo, mudzi wonse uli pambuyo pathu. Amayi anagwada pamalo paja, anafukula ndi zala, n'kutulutsa chikwa chimodzi. Anachiika pachikhatho n'kuchionetsa kwa aliyense. Chinagwedeza mchira. Bambo wina wachikulire anaphulika kuseka, akuti mudzi wonse wasiya ntchito kudzaonera mbozi. Ena anaseka nawo, ena anachita manyazi n'kubwerera. Make Zuze sanaseke. Anati sanaonepo munthu wabwinobwino akuika maliro a mbozi, ndipo mpaka khanda lake linachira, mpaka linakula, sanadzawasenzetsenso amayi ndowa.

Pamudzi sanatisamutse, koma zimene amayi ankaopa zinachitika. M'mawa mwake tinapeza m'mphepete monse muli maenje okhaokha. Anyamata anali atafukula, n'kuwotcha pomwepo, makoko ali mbwee paphulusa. Zimene anaphonya anyamata zinatoledwa ndi nkhuku ndi nkhanga. Amayi anatula ndowa n'kukhala pansi panjira, miyendo atatambasula, manja ali pamiyendo. Sanalire. Anakhala choncho mpaka Pedulo anayamba kuvuta, ndiye anadzuka, tinakatunga madzi, tinapita kumunda. Tsiku limenelo tinaunga mizere mpaka dzuwa kupendeka.

M'phale munatsala zikwa zochepa, zoti n'kukwana m'manja awiri. Amayi ankaziwaza timadzi, n'kumaziyang'ana ngati munthu woyang'ana wodwala amene sakudziwa kopita naye. Mitambo inali itayamba kusonkhana cha kunyanja. Ndiye akuluakulu analengeza tsiku lolambula manda, koyamba chithawireni anthu, kuti azibambo akachotse tchire pamitumbira ya makolo. M'mawa wa tsikulo atsibweni anaima pakhomo pathu ndi khasu ndi kathumba. Sanapereke moni.

"Bweretsani tinthu tanu tija. Ndikatikwirira m'kati, pansi pa mitondo, pamene palibe angakumbe. Koma mukudziwa kuti zikalowa mmenemo ndiye zalowa."

"Ndikudziwa, achimwene."

Ine ndinamva mawuwo koma sanandidetse nkhawa. Ndinkadziwa kuti masuku a kumanda satoledwa, koma masuku alibe miyendo. Ndinkati mbozi zikadzachuluka zidzatuluka zokha kubwera kwa eni ake amene anazivutikira.

Chizimalupsa chinagwa, fumbi linagona, ndipo patapita masiku mvula yeniyeni inabwera. Anthu anadzala. Ifenso tinadzala, koma munda wathu unali waung'ono kuposa wa aliyense, chifukwa nthawi yoswa mphanje tinaithera chogwada. Mbali ina inatsala yosalima, ndipo atsibweni akamadutsa ankangopukusa mutu. Mitondo ya kumanda inaphuka masamba ofiirira, ofewa, onyezimira ngati apakidwa mafuta.

M'mawa wina popita kuchitsime amayi anaima mwadzidzidzi mpaka ndinawagunda ndi ndowa. Pa thunthu la mtondo wa m'mphepete, poonekera kunjira, panali gulugufe. Sindinaonepo wamkulu choncho. Mapiko ake anali ngati zikhatho ziwiri za munthu wamkulu, ofiirira ngati dothi la katondo, ndi mzere woyera wodutsa pakati. Thupi lake linali laubweya, ndipo kumutu kunali tinyanga tonga nthenga. Mphepo itamugwedeza anatambasula mapiko a m'munsi, ndipo panaoneka maso awiri akuluakulu, akuda pakati, ozunguliridwa ndi chikasu, akutiyang'ana. Ndinabwerera m'mbuyo ndi mantha. Amayi anaseka, kuseka kwenikweni kotulutsa mano onse, kumene ndinali ndisanakumve chibwerereni. "Ndi yemweyu," anatero. "Mayi wake wa matondo ndi ameneyu." Masiku otsatira tinaonanso ena owerengeka, ndi mapiko ena ali pansi, otsala pamene mbalame zinadya. Amayi ankatola phiko lililonse n'kuliyang'ana mokwiya, ngati angakazenge mlandu mbalamezo.

Kenako inafika miyezi ya njala. Ufa umene tinapatsidwa pobwerera unatha, chimanga chinali chisanamasule n'komwe. Tinkadya mango aawisi ophika, bonongwe wopanda mchere, ndi chinangwa chimene amayi ankalandira akalima m'minda ya anthu a kugombe. Abiti Saidi ankatiponyera timitu ta nsomba akakhala nato. Pedulo analeka kulira mokweza, ankangodandaula chapansipansi ngati mwana wa mphaka. Ine ndikaimirira msanga maso ankachita mdima. Kupalira kunali pakati, udzu ukukula kuposa chimanga, ndipo khasu limene ndinalizolowera linayambanso kulemera.

Nthawi imeneyo ndi pamene ndinamva phokoso lija. Tikudutsa pamanda kopanda mphepo, kopanda mtambo, m'msitumo munkamveka ngati kukuwaza mvula. Amayi anati ndi zitosi za mbozi zikugwera pamasamba ouma. Ndinakweza maso. M'nthambi za m'mwamba masamba anali odyekadyeka, ndipo pa nthambi ina yotsika ndinawaona, ataunjikana, onenepa, akuda, mikanda yawo ikuwala padzuwa. Anali okongola kuposa mmene amayi ankanenera. M'kamwa mwanga munadzadza malovu mpaka ndinachita kulavula.

Ndinadikira tsiku limenelo, ndi linzake, kuti amayi anene za dengu. Sananene. Madzulo ena, tikudya mango ophika aja, ndinafunsa kuti tikatola liti matondo athu. Anayankha osandiyang'ana, akupatsa Pedulo chakudya.

"Za kumanda sitidya, Rozina. Ukudziwa."

"Nanga tinkavutikiranji?"

Anangopitiriza kumudyetsa Pedulo. Ndinalira usiku usanagwe, kulira kwa ukali, ndikuwakumbutsa matuza a m'manja mwanga, anzanga amene anandithawa, munda umene sitinamalize, ndi lonjezo lawo la kumsasa. Ndinawauza kuti anandinamiza. Mwana wina akanalankhula choncho akanalawa chikoti, koma iwo anangosonkhezera moto. Anthu a m'mudzi nawo ankadutsa pamanda paja akuyang'ana m'mwamba, njala ili m'maso, koma panalibe ndi mmodzi yemwe anatambasula dzanja. Ngakhale anyamata ofukula aja ankangoima patali n'kumaloza.

Mbozi zitakhwima zinayamba kutsika kufuna dothi. M'mawa wina ndinapeza imodzi ili pakati pa njira, kunja kwa malire, ikuyenda mwaulesi kulowera kuminda. Ndinaitola msanga. Inali yolemera, yozizira, timinga take tikundibaya pang'ono m'chikhatho. Ndinawauza amayi kuti iyi si ya kumanda, yatuluka yokha, ili panjira ya aliyense. Ndinali wokonzeka kukangana nawo mpaka madzulo.

Sanakangane nane. Anatula ndowa, anaitenga mboziyo m'dzanja langa n'kuiika m'dzanja lawo. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Dzanjalo linali lowonda, mitsempha ili poyera. Ndinaona pakhosi pawo pakuyenda, akumeza malovu, kawiri konse. Anaiyandikiza kumphuno n'kuinunkhiza atatseka maso. Ndinati basi, lero tilawa, ngakhale theka ndi theka. Koma anatsegula maso, anayenda mpaka pamalire, anatambasula mkono mmene akanathera, n'kuiika pansi pa masamba mbali ya m'kati. Anapukuta dzanja pa kapulana, anasenza ndowa yopanda madzi ija ngati yolemera, n'kunena kuti tifulumire dzuwa lisanakwere.

Sindinawalankhule masiku angapo. Chimanga chitacha tinakolola chochepa, chimene sichinatifikitse ngakhale pakati pa chilimwe, ndipo chaka chimenecho amayi anachithera m'minda ya anthu ena. Mumtima mwanga mlandu unali wosavuta: anasinthanitsa chakudya cha ana awo ndi mbozi zimene sitikanadya, ndipo anadziwa zimenezo kuyambira tsiku limene anapereka phale kwa atsibweni.

Lero chitunda chathu ndi chinangwa ndi chimanga kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo ana a kumeneko mtondo amaudziwira kumanda kokha. Matondo a mikanda akadalipo mmenemo. Zaka zina amaoneka ochepa, zaka zina osaoneka n'komwe mpaka ndimataya mtima, kenako dzinja lina phokoso lija limamvekanso. Kwina kulikonse kumene ndafunsa, ku Amaramba ngakhale kutsidya la Malawi, achinyamata sawadziwa. Ineyo tsitsi layamba kuyera ndisanalaweko ngakhale imodzi, ndipo sindikudziwa ngati amakomadi mmene ankanenera amayi kapena inali njala ya kumsasa imene inkawakometsa.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti amayi anabisa matondo aja poopa anyamata ofukula, nkhuku ndi nkhwangwa za anthu ena. Ndinadzamvetsa nditabereka anga, chaka china cha njala, mwana wanga akundiyang'ana m'maso ndilibe chomupatsa. Tsiku limenelo ndikanagwetsa mtengo uliwonse wokhala ndi chakudya, ngakhale utakhala womaliza padziko. Amayi ankadzidziwa kuti nawonso ndi munthu wotero, ndipo mitondo ya m'munda mwathu anaitentha ndi manja awo. Pachitunda chonse anafunafuna malo amodzi amene iwo eni sakanatha kufikapo, ngakhale ine nditalira chotani.